Nkhope ndinachotsa, koma njinga ndinaisiya



Ambiri a inu mumandidziwa ngati uja amakonza mapositala a patsamba lino: a Ramadhan, a mpikisano wa Qur'an, a masewera a mpira wa achinyamata. Lero sindinabwere ndi positala. Ndabwera ndi funso lomwe landikhala pakhosi kwa miyezi ingapo, ndipo kuti mulimve bwino ndiyenera kuyamba ndi kuulula pomwe ndinalakwa.

Chaka chatha ndinajambula kankhani ka zithunzi, timabokosi tinayi basi. M'bokosi loyamba mnyamata akupalasa njinga m'mamawa, pamsana pake pali thumba la chimanga, lija la makilogalamu 50. M'lachiwiri ali mumzikiti pa safu yomaliza, thumba lili pompo, ngakhale pa sijida silikutsika. M'lachitatu anzake akumufunsa, "Zikuyenda aise?" iye akuti, "Alhamdulillah, bho." Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuliona thumbalo. M'lomaliza ndi usiku, wagona chagada, thumba lamukhala pachifuwa mpaka kumubisa nkhope. Pansi pake ndinalemba mawu ochepa: "Nanga lako ndi lolemera bwanji?"

Ena mukukakumbukira. Kanayenda kuposa chilichonse chomwe ndinakonzapo. Anthu anakaika pa status, ena anakatumiza ku magulupu a kusukulu ndi a kuntchito. Kunena zoona mtima unakhala m'malo, ndinadziona ngati ndachita daawa yeniyeni.

Patatha masiku atatu, titangomaliza Swala ya Isha, mnzanga wina wa kabaza anandikokera pambali pafupi ndi pochitira wudhu. Sanakalipe. Anangoti, "Iwe, njinga ijatu ndi yanga."

Ndinafuna kukana, koma ndikanakana bwanji? Khushoni ya buluu yong'ambika pakona, tcheni kadi yomangidwa ndi waya, zonse zinali momwemo. Miyezi ingapo m'mbuyomo iyeyu anandiuza mwachinsinsi kuti chimwalirire bambo ake tulo sakulipeza, chakudya sichikumukomera, ndipo masiku ena amapalasa njinga tsiku lonse osakumbukira kuti wadutsa kuti. Pojambula ine maganizo anali pa iyeyo, ndiye dzanja linangotsatira. Nkhope sindinajambule, koma njinga ndinaisiya momwe ilili.

"Pa siteji akumandifunsa kuti thumba walisiya kuti lero," anatero. "Wina dzulo amati andiperekeze ku Zomba. Unandifunsa?"

Sindinamufunse.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi munthu amene akujambula ululu wa mnzake ndi cholinga chothandiza ena, akumuphimba kapena akumuvula?

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe ndimakhulupirirabe kuti zojambula zili ndi ntchito pa nkhani ya matenda a maganizo. Kwathu kuno mawu a nkhaniyi ndi olemera zedi. Ukati "ndikudwala maganizo" anthu amamva "misala". Ukati "ndakhumudwa" amakuyankha kuti limba mtima, ndiwe mwamuna. Pakati pa ife Asilamu pamabweranso lina: "Imaan yako yatsika, chulukitsa zikiri", kapena "amenewo ndi majini". Munthu akaganiza zonsezi amangoti bho, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chithunzi sichifuna kuti uyambe ndi kunena za iwe mwini. Umatha kuloza mnyamata wa thumba uja n'kunena kuti, "Koma awa akuvutika eti?" Mnzako akakhala wa makutu amamva kuti sukunena za katuni. Mtsikana wina anandiuza kuti anangowapatsa foni amayi ake, osayankhula kanthu, amayiwo n'kuyang'ana kwa nthawi, kenako anamufunsa, "Mwana wanga, ndiwe?" Zaka ziwiri ankasowa poyambira.

Si ife oyamba kuzindikira zimenezi. A msinkhu wa achimwene athu akukumbukira Sara ndi kanyani kake Zingo, nkhani za zithunzi zomwe bungwe la UNICEF linafalitsa kuno kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa m'zaka za m'ma 1990, zokamba zinthu zomwe mtsikana sakanatha kuzinena pamaso pa akuluakulu. Ku Australia, mu 2005, Matthew Johnstone anatulutsa kabuku kojambula matenda ake okhumudwa ngati galu wakuda womulondola paliponse, ndipo mu 2012 bungwe la WHO linakonza kanema wochokera pa kabukuko yemwe wafika kwa anthu mamiliyoni. Galu wakuda kwa ife sangagwire ntchito chimodzimodzi, n'chifukwa chake ine ndinasankha thumba la chimanga. Aliyense wa ife analisenzapo, kapena anaona mayi ake akulisenza kuchokera kuchigayo.

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kulemba mu comment kuti, "Akhi, kujambula zamoyo si haramu kodi?" Funsolo ndi loyenera ndipo sindilipeputsa. Mu Bukhari ndi Muslim muli ma Hadith ochenjeza mwamphamvu ojambula zithunzi za zamoyo. Mulinso, mwa Abu Dawud, nkhani ya zidole za mayi Aisha (Allah asangalale nawo), kuphatikizapo kavalo wa mapiko yemwe Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) atamuona anaseka. Maulama anasiyana maganizo pa zojambula zapapepala zophunzitsira: ena amaletsa, ena amalola, ena amalola ngati chithunzicho chilibe nkhope yokwanira. Ine si shehe, sindipereka fatwa. Ndinatsata njira yachitatuyi, ndipo anthu anga ndimawajambula chakumbuyo, kapena mutu wopanda maso ndi pakamwa. Chodabwitsa n'chakuti zomwe ndinachita posamala za Deen zinapezeka kuti ndi mphamvu ya katuniyo. Katswiri wa makatuni Scott McCloud anafotokoza mu 1993 kuti nkhope ikakhala yosavuta, yopanda zambiri, anthu ochuluka amadziona okha mwa iyo. Mnyamata wopanda nkhope atha kukhala wa ku Mangochi, wa ku Ndirande, kapena m'bale wathu amene akugona m'kachipinda ku Johannesburg.

Apa mpomwe kulakwa kwanga kukuonekera bwino. Chomwe chimapangitsa katuni kukhala pobisalira ndi chakuti munthu wake si aliyense wodziwika. Ndikangoikamo khushoni ya buluu, pobisalira paja pasanduka chala choloza munthu mmodzi. Anthu mazana anapeza mthunzi, koma mwini nkhani ndinamuimika padzuwa.

Usiku umenewo ndinayesa kudzitonthoza. Ndinati, dzina sindinatchule. Ndinati, niya yanga inali yabwino. Ndinatinso, kudwala si tchimo, ndiye chochititsa manyazi n'chiyani? Mfundo ziwiri zoyambazo sizinachedwe kugwa. Pa madrasa tinaphunzira kuti ghiiba, miseche, ndi kumutchula m'bale wako ndi zomwe iye sangakonde, ngakhale zitakhala zoona, ndipo Surat Al-Hujurat imaifanizira ndi kudya mnofu wa m'bale wako wakufa. Imam Al-Ghazali ndi Imam An-Nawawi onse anafotokoza kuti miseche si ya lilime lokha: kulemba, kuloza, kutsinzinira diso, kuyerekezera mayendedwe a munthu, zonsezi zimalowa momwemo ngati omvera azindikira amene akunenedwa. Pensulo yanga inachita zomwe pakamwa panga sipakanayerekeza. Za niya, inde ntchito zimayesedwa ndi niya, koma niya yabwino siisandutsa katundu wa mwini kukhala wako. Amene waba mbuzi kuti akadyetse ana amasiye wabadi basi.

Mfundo yachitatu ndi yomwe yandivuta, ndipo ndikufuna tiiganizire limodzi chifukwa ili ndi choonadi mkati mwake. Kudwala maganizo si tchimo. Qur'an sinabise chisoni cha anthu olungama. Imatiuza za Mneneri Yaqub (mtendere ukhale pa iye) amene analira mwana wake Yusuf mpaka maso anayera. Imatiuza za mayi Maryam, pa ululu wa kubereka ali yekha pansi pa mtengo wa tende, akulakalaka akanafa kale zisanachitike zimenezi. Chaka chimene Mtumiki wathu anataya mayi Khadija ndi amalume ake a kuchimuna Abu Talib chimadziwika m'mabuku a Sira ndi dzina lakuti Chaka cha Chisoni. Ndipo zaka zoposa 1,000 zapitazo, Abu Zayd al-Balkhi, katswiri wachisilamu amene anamwalira mu 934, analemba buku la thanzi la thupi ndi la mtima momwe anasiyanitsa chisoni chokhala ndi chifukwa chodziwika, monga maliro kapena kutaya chuma, ndi china chomwe chimangomugwera munthu popanda chifukwa chooneka, n'kumulanda mphamvu ndi chilakolako cha chilichonse. Chachiwirichi iye anati chimakhudzana ndi thupi ndipo chimafuna chithandizo cha thupi. Sananene kuti imaan yatsika. Ndiye wina atha kufunsa: ngati tipitiriza kubisa nkhanizi ngati ndi zonyansa, si ndiye kuti tikudyetsa manyazi omwewo amene akupha anzathu? Tikamati "muphimbe m'bale wako", kodi sitikuvomereza kuti pali chonyansa choti chiphimbidwe?

Ndaliganiza kwa nthawi yaitali. Pomwe ndafika ndi apa. Pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe timazisakaniza: nkhani ya matendawa, ndi nkhani ya munthu uyu. Yoyamba ndi ya tonse, ndipo kuibisa ndi kulakwa. Iyenera kukambidwa pa mimbari, ku madrasa, patsamba lino, m'makatuni. Yachiwiri ndi ya mwini wake yekha. Si yonyansa, koma ndi yake, ngati mmene thupi la munthu silili lonyansa koma timaliveka. Mnzanga uja anandipatsa nkhani yake ngati amaana, chosungitsa. Tsiku loti aiuze dziko, ngati lidzafike, woti alisankhe ndi iye. Ine ndinamulanda tsikulo. Komanso mtengo wa kulimba mtima komwe anthu ankandiyamikira nako sindinalipire ndine. Ine ndinalandira ma like, iye analandira nthabwala za pa siteji, ndipo amene amapita kukafuna makasitomala pa siteji yomweyo mawa lake anali iyeyo. N'kosavuta kunena kuti "tithetse manyazi" pamene nkhope yoti ipse ndi ya wina.

Ndipo ndaona kuti Mulungu amene anafotokoza misozi ya Yaqub ndi Mwini wa Yaqub ndi misoziyo. Ine sindine mwini wa aliyense.

Pali mbali ina yomwe ife okonza zithunzi timaigwera kawirikawiri, ndipo ndiyitchule ngakhale ndi yowawa. Wachinyamata akadzipha, pasanathe ola zithunzi zayamba kuzungulira. Nkhope yake, kalata yomwe anasiya, njira yomwe anagwiritsa ntchito, ena mpaka kukongoletsa ndi makandulo ndi nyimbo yachisoni. Amene akutumiza amati akuchenjeza anzawo. Koma akatswiri akhala akuona kuyambira kalekale kuti nkhani zotere zikafalitsidwa mwatsatanetsatane, ena amene anali kale m'mphepete amatengera. Wofufuza David Phillips analemba za zimenezi mu 1974. N'chifukwa chake malangizo a WHO kwa ofalitsa nkhani amati musafotokoze njira kapena malo, musasindikize makalata osiyidwa, ndipo musaonetse ngati imfa inathetsa vuto. Netflix yomwe, mu 2019, inachotsa gawo loonetsa imfa yotere mu sewero lake la 13 Reasons Why patatha zaka ziwiri anthu akudandaula. Mbali inayi, kafukufuku wa ku Austria wa mu 2010 wotsogoleredwa ndi Thomas Niederkrotenthaler anapeza kuti nkhani za anthu amene anafika pothedwa nzeru koma n'kupeza njira yopitirira ndi moyo zimayendera limodzi ndi kuchepa kwa imfa zotere. Ndiye si chithunzi chilichonse "choyambitsa kukambirana" chomwe chili chabwino. Wina akadzakupemphani positala yotere, kanani mwaulemu. Malemuyo nayenso ali ndi ufulu wophimbidwa, ndipo mayi ake ali ndi foni.

Poona zimenezi ndinazindikira kuti katuni yanga inali ndi vuto linanso. Inathera pa bokosi la usiku, thumba lili pachifuwa. Inafunsa funso n'kumusiya munthu pomwepo.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine ndinafuna kuti anthu ayankhule, ndipo anayankhuladi. Sabata yomweyo, cha m'ma 2 koloko usiku, uthenga unalowa ku inbox kuchokera kwa munthu amene sindimamudziwa: "Langa ndatopa nalo." Ndinauona m'mawa nditadzukira Fajr. Manja ananjenjemera. Ndimadziwa kusankha mitundu ndi kuyala zilembo, koma panalibe chomwe ndinakonzekera kumuyankha munthu ameneyu. Alhamdulillah anayankha nditamulembera. Ndinamufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chifukwa ndinali nditawerengapo kuti kufunsa molunjika sikumuika munthu maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata wonena. Tinagwirizana kuti auze mchemwali wake tsiku lomwelo, ndipo mchemwaliyo anamuperekeza kuchipatala cha boma. Koma bwanji ndikanauona uthengawo mochedwa? Bwanji ukanabwera tsiku lomwe bandulo yandithera?

Amene wagogoda pakhomo la mtima wa munthu ayenera kukhala atakonzeka kuti chitseko chitsegulidwa. Ichi si chinthu choti munthu mmodzi wa foni ndi Canva achisenze yekha. Tisanatulutse chojambula china chilichonse pa nkhaniyi, pakhale anthu awiri kapena atatu ogwirizana kuti ndi amene aziyang'ana mauthenga, mlongo wa alongo, m'bale wa abale. Tidziwiretu koti tilozere munthu. Kuzipatala za m'maboma kumakhala ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo, ndipo ndiko koyambira. Chipatala cha Zomba Mental, chomwe timachitchula m'nthabwala zathu zopanda chifundo zija, ndi chipatala ngati china chilichonse, anthu amapitako n'kubwerako ali bwino. A St John of God ali ndi chithandizo ndi uphungu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo kumvetsera kumaphunziridwa: ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, komwe agogo aakazi amaphunzitsidwa kukhala pa benchi ndi munthu amene "akuganiza kwambiri", n'kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzi limodzi. Ngati agogo a ku Harare anaphunzira, ife a komiti ya achinyamata tingalephere?

Za dua ndi ruqya, palibe amene akuti tizisiye. Ine ndimamupangira dua mnzanga tsiku lililonse. Koma Mtumiki yemweyo amene anatiphunzitsa dua yodzitchinjiriza ku nkhawa ndi chisoni ndi amenenso anatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo anamuuza mwini ngamira kuti aimange kaye kenako ayedzamire kwa Allah. Mayi Aisha ankalamula kuti anamfedwa awaphikire talbina, kaphala ka ufa wa balere, chifukwa anamva kwa Mtumiki kuti kamapepuza mtima wa wodwala ndi kuchepetsa chisoni. Taonani: munthu ali ndi chisoni, yankho lake likudzera m'mbale ya phala. Wodwala malungo timamuwerengera Fatiha n'kumupatsa LA, ndipo palibe amene amati LA wachotsa tawakkul.

Tibwerere kwa mnzanga. Katuni ija ndinaichotsa patsamba usiku womwewo, ngakhale mukudziwa kuti chomwe chalowa pa WhatsApp sichibwerera. Ndinapita kwawo kukapepesa, osati pa foni. Anandilandira, anandipatsa madzi, koma sanandiuze kuti zatha. Anakhala pafupifupi miyezi iwiri akundipatsa salaam yokha basi. Ndipo chondiwawa kwambiri, anasiya kundiuza za tulo lake. Ndinali munthu mmodzi amene anamukhulupirira, ndiye pofuna kutsegula pakamwa pa anthu mazana ndinatseka pa mmodzi amene anali atatsegula kale.

Kodi zabwino zomwe katuni ija inachita zikufafaniza zimenezi? Mtsikana uja ndi amayi ake, munthu wa uthenga wa usiku uja? Pali masiku omwe ndimafuna kuwerengera choncho, ngati wogulitsa pa sikelo. Koma sikeloyo si yanga, ndipo zabwino zonsezo zikanachitikabe ndikanajambula njinga ina. Sipanafunike khushoni ya buluu kuti mtsikana uja apereke foni kwa amayi ake. Kunali kusasamala kwanga chabe, ndi kakunyada kofuna kuti chithunzi chioneke chenicheni.

Tsopano ndikamajambula ndimasakaniza: thumba la uyu, ntchito ya uja, mudzi wa winanso, mpaka pasapezeke woti n'kumuloza. Nkhani ikakhala ya munthu mmodzi ndimamuonetsa ndisanatulutse, ndipo akati ayi, ndi ayi, ngakhale nditagonera usiku wonse pa chithunzicho. Nkhani mukuwerengayi anaiwerenga kaye iyeyo. Anandiuza zoti ndisinthe, ndipo ndasintha: khushoni yeniyeni sinali ya buluu, ndi zina zingapo sizili momwe ndazilembera.

Mwezi wathawu, tikutuluka ku Jumu'ah, anandiitana kuti ndikwere andisiye kunyumba. Tili m'njira, osatembenuka, anati, "Katuni ija unaisiyira panjira. Ukanaika bokosi lachisanu."

Ndinamufunsa kuti mukhale chiyani m'bokosimo. Ndimaganiza kuti anena kuti thumba lagwa, mnyamata akuthamanga wopepuka.

"Ayi, limenelo ndi bodza," anatero. "Thumba likhalepo. Koma wina agwire mbali inayo, ngati mmene timakwezera pa kaliyala." Anapalasa pang'ono, kenako anawonjezera, "Koma njinga ujambule ina."

Ndikulijambula panopa. Insha Allah lituluka pa 10 October, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, ndipo pansi pake padzakhala mayina a abale ndi alongo a komiti amene avomera kuyang'anira inbox sabata imeneyo. Pakadali pano tili ndi awiri. Tikufunanso mlongo mmodzi.

Wassalamu alaikum.